Timavu ta M'botolo la Nakwenda

Panali mayi wina wolima khobwe m'mudzi wa patsinde pa phiri, ndipo anthu ankamutchula ndi chiwongo chake, Nakwenda. Anali munthu wosataya kanthu. Akamapeta, nkhuku za pakhomo pake zinkaima pafupi kwa kanthawi, kenako n'kuchoka zokha, chifukwa pansi sipankagwa njere. Anakumana ndi njala ali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lake linaphunzira kusankha. Chabwino chinali cha anthu. Chotsatira chinali cha ziweto. Chotsala chinali chotaya kudzala, ndipo kudzala kwake sikunkapita zambiri.

Mudzi wonse unkadziwa kuti m'nyumba mwa Nakwenda simulowa nankafumbwe. Iye mwini ankanena zimenezi, osati mokweza mawu, koma monga munthu amanenera dzina la kwawo.

Alimi khumi ndi awiri a m'mudzimo anali ndi kalabu. Akakolola, aliyense ankabweretsa ndowa ya khobwe wambewu, n'kusunga pamodzi m'kanyumba ka kalabuyo mpaka mvula. Koma chaka ndi chaka mbewuyo inkafumbwa. Pofika mwezi wa Disembala, munthu akamasula thumba ankakumana ndi ufa ndi kafungo kofunda, ndipo theka la zimene ankadzala silinkamera. Phulusa linkathandiza pang'ono. Mankhwala ankapezeka chaka china, chaka china ayi.

Nakwenda ndiye ankaima pakhomo pa kanyumbako kulandira mbewu. Chaka china kunabwera mayi wina dzina lake Nachanza, amene munda wake unali wa miyala. Nakwenda anapisa dzanja m'ndowa yake, n'kutapa njere, n'kuziyang'ana padzuwa. Zinali zazing'ono ndi zonyala, ndipo zina zinali kale ndi timabowo.

"Uyu si wambewu, a Nachanza," anatero, anthu onse akumva. "Walowa kale. Mukufuna atiphere matumba onse?"

Nachanza anaseka pang'ono, n'kukonza chitenje chake. Ndowa ija anaisiya kuseri kwa kanyumbako, chifukwa sanafune kudutsa nayo m'mudzi ili yodzaza monga anabwera nayo.

M'mwezi wa Juni kunafika mlangizi wa zaulimi, atanyamula botolo la pakamwa papakulu. Pakamwapo panali pomangidwa ndi kansalu kopyapyala. M'kati munali khobwe pang'ono ndi tinthu takuda toyendayenda, tating'ono kuposa nyerere za shuga. Botololo linayenda m'manja mwa anthu. Lufeyo, mng'ono wa mwamuna wa Nakwenda, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti iye akuona fumbi basi, ndipo ngati boma layamba kugawa fumbi, kwawo lilipo lokwanira.

Mlangiziyo anaseka nawo, kenako anafotokoza. Tinthuto tinali timavu. Sitiluma munthu ndipo sitidya khobwe. Nankafumbwe amaikira dzira pa njere, mphutsi yake n'kulowa m'kati, ndipo ndi mphutsiyo imene imadya khobwe mobisika. Kamavu kakakazi kamayenda pa njereyo kakugogoda ndi tinyanga take, ngati munthu woyesa chivwende pamsika. Kakamva kuti m'katimo muli mphutsi, kamaboola ndi kasingano ka kumbuyo kwake n'kuikiramo dzira. Mwana wa kamavuko amakula akudya mphutsi ija. Pamapeto pake, pa bowo pamene pakanatuluka nankafumbwe pamatuluka kamavu.

Koma timavuto tinali tochepa. Tinkafunika tiswane kaye m'botolo kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako tikatulutsidwe m'matumba a mbewu. Pankafunika munthu woti Loweruka lililonse aziika m'botolomo khobwe wokhala ndi mphutsi, ndiponso kadontho ka madzi a shuga pa thonje. Mlangiziyo ananenetsa kuti anatitenga kutali, ndipo tikafa sadzapeza tina chaka chimenecho.

Sipanakhale kukangana. Onse anayang'ana Nakwenda.

Anapita nalo kwawo botolo lija atalikulunga m'nsalu, n'kuliika pawindo la kum'mawa, pamene dzuwa silifika masana. Chakudya cha timavu sanavutike kuchifuna. Ndowa ya Nachanza inali ikadali kuseri kwa kanyumba ka kalabu, ndipo anankafumbwe anali ataswana mmenemo mwa ufulu. Loweruka lililonse Nakwenda ankatapamo mbale, n'kukhala pansi ndi lichero. Njere zooneka bwino ankaziika pambali kuti aziyanike, akaphikire nkhumba. Za m'botolo ankasankha zonyala kwambiri, zimene pa njere imodzi panali timadontho toyera ta mazira tisanu kapena tisanu ndi kamodzi.

Sankachita izi mwaulesi kapena mwa nkhanza. Ankaganiza kuti njere yokhala ndi mphutsi zambiri ndiyo mbale yodzaza. Ankaganizanso kuti chimene chiweto chingadye si choyenera kupatsa tizilombo. Umu ndi mmene analeredwera, ndipo maleredwe amenewo anali atamusunga zaka zambiri.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kutikonda timavuto. Akabwera kudimba ankasamba m'manja, n'kukhala pakhonde ndi botolo lake. Ankaona tina tikuyenda pa njere modekha, tikugogoda. Tina tinkangothamanga pa kansalu. Thonje likauma ankalinyowetsa ndi nsonga ya kamtengo, mosamala kuti kena kasamire m'dontho.

Lufeyo sankadutsa osalankhula.

"Mlamu, ng'ombe zanu zadzuka bwanji? Zikayamba mkaka mutikumbukire."

"Ng'ombe zanga sizidya m'minda ya eni ake ngati mbuzi zanu."

"Nanga khola lake n'lomweli? Ndiye mwalemera mosavuta."

Ankaseka onse awiri. Tsiku lina Lufeyo yemweyo anabwera ndi kathabwa, n'kukakhoma pansi pa windo kuti botololo lisadzagwe ndi mphepo.  Nakwenda anangomupatsa mbatata yowotcha.

Patapita masabata atatu, m'botolo munatuluka timavu tatsopano. Patapita ena atatu munadzaza. Amayi opita kumjigo ankapatuka kudzaona, ndipo ankachoka akunena kuti kalabu sinalakwitse posankha munthu. Inali miyezi yabwino. Kunja kunali chisanu, ntchito ya kumunda inali itachepa, ndipo Nakwenda anali ndi chinthu chamoyo chimene chinkachuluka m'manja mwake.

Tsono Nakwenda anali ndi khobwe wina amene sankamupereka ku kalabu. Anali wa mtundu wa kwawo kwa mayi ake, wa njere zikuluzikulu, wofiira wa mawanga oyera. M'mudzi monse munalibe wina amene anali naye. Chaka chilichonse ankasankha mbale ziwiri, n'kusakaniza ndi phulusa, n'kuthira mu mtsuko. Pakamwa pa mtsukowo ankavindikira ndi phale n'kumata ndi dothi. Mayi ake anali atamwalira kalekale, ndipo mtsukowo ndiwo unatsala.

Pakati pa mwezi wa Ogasiti, akusesa kuchipinda, anaona kuti dothi la pamtsuko lang'ambika. Anachotsa phale, n'kutapa njere. Pa njere zambiri panali kadontho koyera, pena kamodzi, pena tiwiri. Nankafumbwe anali atalowa m'nyumba mwa Nakwenda.

Nakwenda ankadziwa chochita. Akanayala khobweyo pa pepala lakuda padzuwa la masana, mazirawo akanafa, mbewu n'kupulumuka. Koma bwalo lake linali m'mbali mwa njira ya kumjigo. Mayi aliyense wodutsa akanawerama kuti aone, ndipo pofika madzulo nkhani ikanafika kwa Nachanza. Anaganiza zodikira tsiku la msika, pamene mudzi umakhala wopanda anthu. Anabwezera phale lija n'kumatanso.

Tsiku la msika litafika kunabwera alendo. Sabata yotsatira kunali mitambo. Mtsuko unakhala m'ngodya, ndipo Nakwenda akamasesa ankaulambalala osauyang'ana.

M'masiku omwewo anaona chachilendo m'botolo. Timavu tinalipo, ndipo tinkathamanga monga kale, koma togogoda pa njere tinali titachepa kwambiri. Anaganiza kuti mwina n'kutentha kumene kunkayamba. Anawonjezera shuga. Loweruka anasankha njere zofumbwa kuposa zonse, kuti tidye tikhute.

Kumayambiriro kwa Seputembala mlangizi anabweranso. Linali tsiku lotulutsa timavu m'matumba, ndipo a kalabu onse anasonkhana pa kanyumba kaja. Nakwenda anabwera atavala chitenje chatsopano. Mlangiziyo analandira botolo, n'kutulutsa m'thumba kagalasi kokulitsa zinthu. Anayamba kuwerenga, milomo ikuyenda. Atamaliza anatembenuza botololo n'kuyambiranso.

Anthu anasendera pafupi.

Mlangiziyo anati timavu tonse ndi makumi atatu ndi kamodzi. Tatikazi, ta kumbuyo kosongoka, tinali tinayi tokha. Tina tonse tinali tatimuna. Tatimuna sitiboola njere ndipo sitiikira mazira. Atatitulutsa m'matumba tsiku limenelo, tikanangoyendayenda sabata imodzi n'kufa, anankafumbwe n'kupitiriza kudya.

Lufeyo anakanda m'mutu.

"Ndiye botolo lonseli ndife amuna okhaokha? N'chifukwa chake phokoso lilipo koma ntchito sikuoneka."

Amayi anaseka. Nakwenda sanaseke.

Mlangiziyo anapempha kuti aone chimene timavuto tinkapatsidwa. Nakwenda anamasula kansalu kamene anamangamo chakudya cha Loweruka lotsatira. Mlangizi anatenga njere imodzi n'kuing'amba ndi chikhadabo. M'kati munali mphutsi zisanu zopanikizana, zoonda ngati ulusi.

"Mayi wa timavuti amayeza asanaikire," anatero. "Ndi iye amene amasankha, dzira lili potuluka, kuti akhale mwana wamkazi kapena wamwamuna. Akapeza mphutsi yonenepa amaika wamkazi. Akapeza yoonda amaika wamwamuna."

Wina anafunsa chifukwa chake. Mlangizi anafotokoza kuti mwanayo alibe chakudya china kupatula mphutsi imodzi imene mayi wake wamusiyira. Ikakhala yaikulu, amatuluka wamkulu. Ikakhala yaing'ono, amatuluka wamng'ono, ndipo sakulanso. Wamkazi amafunika thupi, chifukwa ndiye adzanyamule mazira, aboole njere zouma, ndi kukhala masiku ambiri akufunafuna. Wamkazi wofooka amaikira pang'ono n'kufa msanga. Koma wamwamuna, ngakhale atachepa, ntchito yake amaigwirabe. Choncho mayi akamangopeza mphutsi zoonda, ana ake ambiri amakhala aamuna. M'badwo wotsatira amayi amachepa, wotsatirawo n'kucheperatu.

"Timavuti sitinalakwitse," anatero. "Tinaika mwana amene nyumbayo ikanatha kulera."

Kenako anatembenukira kwa Nakwenda, n'kunena kuti iyenso sanalakwe. Anati cholakwa chinali chake mlangiziyo, chifukwa ananena kuti khobwe wofumbwa koma sananene kuti wotani. Ananena zimenezi mokweza, kuti onse amve.

Wapampando wa kalabu anafunsa ngati pali chochita. Mlangizi anati chilipo, koma nthawi ndi yochepa. Amayi anayi a timavu aja anali okalamba kale. Anali ndi sabata imodzi, mwina masiku khumi. Akapatsidwa mphutsi zonenepa tsopano, akanaika ana aakazi okwanira kudzutsa botolo.

Wapampandoyo anati ndiye atape khobwe wabwino koposa m'matumba, palibe amene angakane. Mlangizi anapukusa mutu. Khobwe woyera alibe mphutsi, ndipo timavu tilibe naye ntchito. Ataikamo anankafumbwe tsiku lomwelo, mphutsi zikanatenga pafupifupi masabata atatu kuti zinenepe, ndipo pofika pamenepo amayiwo akanakhala atafa. Anamasula thumba limodzi la kalabu n'kuyang'ana. Anankafumbwe anali atangoyamba kumene kuikira. Mazirawo anali asanaswe.

Chimene chinkafunika, anatero, ndi khobwe wa njere zikuluzikulu, amene nankafumbwe analowa pafupifupi masabata atatu apitawo, mphutsi imodzi kapena ziwiri pa njere. Anafunsa ngati alipo amene ali naye kunyumba.

Palibe amene anavomera. M'mudzi umenewo munthu ankatha kuvomera kuti wadwala, kapena kuti mwana wake walephera mayeso. Koma kuvomera kuti mbewu yako yosankha yafumbwa m'nyumba mwako kunali kuvomera kuti sudziwa kusunga. Amayi anayang'ana zala za kumapazi awo. Abambo anayang'ana kuphiri.

Nakwenda anawerenga masiku chamumtima. Mawa lake ankakwana masabata atatu chionereni mazira mu mtsuko muja.

Akanatha kukhala chete. Mlangizi anali atamuchotsera kale mlandu. Botolo likanafa, anthu akananena kuti zinthu zachilendo sizikhalitsa, ndipo dzina lake likanakhala monga linalili. Khobwe wa mayi ake akanamuyanika tsiku lina la msika n'kupulumutsako wina. Koma mbewu ya mabanja khumi ndi awiri ikanafumbwa monga chaka chatha. Anayang'ana botolo m'manja mwa mlangizi. Kamavu kamodzi kanali kakugogoda pa njere yonyala. Kanagogoda, n'kusunthira pa ina, n'kugogodanso.

Nakwenda anaimirira, n'kunena kuti amudikire.

Anapita kwawo. Anatulutsa mtsuko uja m'ngodya, n'kupinda nkhata, n'kuusenza pamutu. Anayenda nawo njira ya kumjigo dzuwa lili pamutu. Atafika anautula pakati pa anthu, n'kuswa dothi lija ndi mwala.

"Uyu ndi khobwe wa mayi anga," anatero. "Walowa. Mawa akwana masabata atatu chionereni mazira. Ndinabisa."

Lufeyo anatsegula pakamwa. Anthu amene ankamudziwa anadikira. Iye anatseka pakamwa paja, n'kulowa m'kanyumba ka kalabu, n'kutuluka ndi mphasa. Anaiyala pamthunzi, n'kuthandiza mlamu wake kukhuthula mtsukowo pang'onopang'ono kuti njere zisamwazike.

Mlangizi anatola njere imodzi, n'kuipukuta phulusa, n'kuing'amba. M'kati munali mphutsi imodzi yoyera, yonenepa ngati njere ya mpunga wophika. Anaionetsa kwa anthu pa chikhatho chake, ndipo anati sakanapeza yabwino kuposa imeneyo ngakhale akanaiweta yekha.

Anamuuza Nakwenda zoona zake. Njere zimene zidzalowa m'botolo zambiri sizidzamera. Nakwenda anati akudziwa. Anamuuzanso kuti si zonse zimene zalowa, ndipo zoyera zikhoza kusankhidwa n'kuyanikidwa tsiku lomwelo. Anaonetsa mmene angazidziwire. Njere yokhala ndi mphutsi yaikulu imakhala ndi kamalo kakuda koonekera pansi pa khungu.

Inali ntchito ya njere imodziimodzi. Nakwenda anagwada pamphasa n'kuyamba yekha. Kenako anamva munthu akukhala pambali pake. Anali Nachanza, atatenga lichero la kalabu. Anatapa njere, n'kuzipukusa m'manja, n'kuziyang'ana.

"Ndi wokongola khobweyu," anatero.

Anasankha limodzi. Amayi ena anayamba kusendera pamphasapo.

"A Nachanza," anatero Nakwenda motsitsa mawu, "tsiku lija ndinakulankhulani moipa."

"Munanena zoona, wanga anali atalowadi. Gwirani mbali iyo, lichero likupendama."

Mayi wina, maso ali pa njere, ananena kuti nayenso nyemba zake zayamba kuchita ufa. Wina anati zake zinayamba mwezi watha. Panakhala kuseka kwapansipansi, ndipo ntchito inapitirira.

Pa mbale ziwiri zija, njere zoyera zinadzaza kapu imodzi. Zina zonse zinali za timavu. Mlangizi anatsuka botolo lina n'kuthiramo khobwe wamkuluyo. Asanamange kansalu, anapempha kuti amupatse dzanja limodzi la khobwe wa Nachanza. Nakwenda anafunsa ngati si yemweyo amene anawononga zinthu.

Mlangizi anati ayi. Chimene chinawononga n'chakuti analipo yekha. Ana aamuna amafunikanso, chifukwa wamkazi amene sanakumane ndi wamwamuna amabereka aamuna okhaokha. Mayi akapeza zonenepa ndi zoonda m'mbale imodzi, sataya iliyonse. Yaikulu amaikamo mwana wamkazi, yaing'ono wamwamuna. Nachanza anapita yekha kuseri kwa kanyumba, n'kubwera ndi dzanja lodzaza.

Ndi nthenga ya nkhuku, mlangizi anasamutsa timavu m'botolo latsopano. Anthu anaunjikana. Poyamba amayi anayi aja anangoyenda m'mbali mwa galasi. Kenako mmodzi anatsikira pa njere yofiira. Anagogoda uku ndi uku. Anabwerera pamene anayambira n'kugogodanso. Kenako anaima, n'kupinda kumbuyo kwake, n'kukhala duu. Anakhala choncho nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kupita pa njere ina.

Botololo linabwerera kwa Nakwenda. Palibe amene ananena zoti lipite kwa wina. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadali ndi mphamvu, anayala kapu yake ya njere zoyera pabwalo, m'mbali mwa njira.

Amayi anayi aja anafa m'sabata yachiwiri. Kwa masiku angapo m'botolo munali zii. Nakwenda ankaliyang'ana m'mawa uliwonse ndipo sankaona kanthu. Pa matumba a kalabu, anthu ankasinthana kuyanika mbewu kuti anankafumbwe asachuluke podikira.

Tsiku lina m'mawa anaona kabowo katsopano pa njere yofiira, ndi kamavu kakupukuta mapiko pafupi nako. Kanali kakakulu kuposa tonse timene anali ataweta. Pofika Loweruka tinali tambiri. Mlangizi atabwera ndi kagalasi kake, anawerenga makumi anayi ndi tisanu ndi kamodzi. Tatikazi tinali makumi atatu ndi titatu.

Kuyambira pamenepo Nakwenda anasintha kawetedwe. Ankatenga khobwe wamkulu wa m'matumba a kalabu, mbale imodzi, n'kuikamo anankafumbwe ochepa dala, kwa tsiku limodzi lokha, kuti pa njere pasachuluke mazira. Ankadikira masabata atatu, kenako n'kupereka kwa timavu. Dzanja lake linkazengereza nthawi iliyonse akamathira khobwe wabwino m'mbale ya anankafumbwe. Ankathirabe.

M'mwezi wa Okutobala timavu tinatulutsidwa m'matumba. Sitinathetse nankafumbwe yense. Thumba limodzi, limene linali pafupi ndi khomo, linawonongeka ndithu. Koma mvula itagwa, mabanja khumi ndi awiri aja anagawana mbewu yolira m'manja, ndipo m'minda yawo mizere inamera yodzaza. Nakwenda anadzala kapu yake pa mizere iwiri kuseri kwa nyumba. Inamera yonse kupatula mapando atatu.

Inu amene mwamva fanizoli, ambiri a ife tinapatsidwa kanthu koti tilere. Wina ali ndi kalasi, wina kwaya, wina mwana wa mchemwali wake amene akukulira pakhomo pake. Sitichipha ndi njala. Timachipatsa ndithu, koma timachipatsa zotsala: mphindi zimene zatsala titatopa, mawu amene atsala titalankhula abwino kwa alendo. Chinthucho sichidandaula. Chimayendayenda, chimaoneka chodzaza, ndipo anthu odutsa amatiyamikira. Koma chamoyo chimayeza chimene chapatsidwa, ndipo sichiika za mawa pamene paonda.

Choncho musangofunsa ngati chimene mukulera chikadali ndi moyo. Funsani chimene munachipatsa sabata yatha. Ngati chimene chikufunika chili mu mtsuko umene mukuchita nawo manyazi, utulutseni amayi anayi aja asanafe. Ndipo mnzanu akatula wake pakati panu, musamukumbutse zimene ananena kale. Khalani pambali pake, mugwire mbali ina ya lichero.